Tsiku Limene Bwalo Lidafupika

Mnyamata amene kwawo amamutchula kuti Masekondi sadapambanepo mpikisano wothamanga chibadwire. Ali ku pulayimale adafikapo pamzere womaliza anzake atavala kale malaya, ena atafika kunyumba, ndipo mmodzi akuti anali atafunsira kale mbeta. Mapazi ake ndi aphwatalala ngati mbale, moti akamathamanga mumangomva ngati wina akupuntha matiresi kuseri kwa nyumba. Koma masewero ankawakonda mwamisala. Ukamuletsa kupita kubwalo ankadwala malungo enieni, otentha thupi ndi kunjenjemera komwe.

Dzinalo lidabwera ndi ntchito ya bambo ake. Iwo ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsalu, diso limodzi atatsinzina, linalo atavala kagalasi kokuza zinthu. Tsiku lina munthu wina adasiya wotchi ya batani pamwamba, ija amayezera othamanga, ndipo sadabwerenso. Patatha chaka bambo adaipereka kwa mwana kuti aziseweretsa. Mtendere m'nyumba muja udathera pomwepo. Mlongo wake akalowa m'bafa, kunja kunkamveka kuti tche! Akatuluka, tche! "Mphindi 14 ndi masekondi 6. Dzulo unachitako bwino." Pemphero la azakhali pachakudya linkayezedwa, kuyetsemula kwa amayi kunkayezedwa, ndipo tambala wa aneba adayezedwa m'mawa uliwonse mpaka adachita manyazi n'kusiya kulira.

Atasankhidwa kupita ku yunivesite, adalengeza kuti akaphunzira digiri ya sayansi ya masewero. Amayi ake adaika pansi mbale imene ankatsuka.

"Digiri ya kusewera? Mwanawe, iwe wakhala ukusewera chibadwire popanda wokupatsa satifiketi. Anzako akukaphunzira udokotala, iwe ukukaphunzira chipako?"

"Amayi, ndi sayansi. Minofu, mafupa, kapumidwe, kadyedwe..."

"Nanga ukamaliza tizidzati ndiwe ndani? Anzanga akandifunsa kutchalitchi ndiziti chiyani?"

"Muzidzati katswiri."

Amayi adalilawa liwulo, adaona kuti likukoma, ndipo adayamba kuligwiritsa ntchito tsiku lomwelo, mwana asadagule ngakhale kope limodzi.

Sukuluyo inali ndi lamulo limodzi louma. M'chaka chomaliza wophunzira aliyense ankayenera kugwira ganyu pamalo a masewero, ndipo pamapeto pake abweretse kalata yosainidwa ndi mkulu wa pamalopo, yonena kuti ntchito amaitha. Popanda kalatayo, mkanjo wa tsiku la digiri umangouonera pa anzako. Masekondi adapeza malo pa kalabu ina kumapeto kwa tauni: bwalo limodzi la kapinga, chipinda chonyamuliramo zitsulo, mabafa awiri, ndi kanyumba kosungiramo zida kamene chitseko chake chinkatseguka ukachimenya ndi phewa. Ankafika mbandakucha, kugwira mpaka 9 koloko, n'kuthamangira kukalasi. Loweruka ankaswera komweko.

Kunyumba ankawauza kuti iye ndi wothandiza mphunzitsi wamkulu pa za thupi la osewera. Zinali zoona pang'ono. Thupi la osewera limatuluka thukuta, thukuta limalowa m'majezi ndi m'masokosi, ndipo wochapa anali iye. Ankapopa mipira, kutunga madzi, ndi kusisita akatumba a anyamata a mpira ndi mafuta aja oyabwa m'maso. Akamalowa m'kalasi, fungo la mafutawo linkayamba ndilo kukhala pampando. Ntchentche zinkagwa pawindo, ndipo mnzake wina amene anali ndi chimfine cha zaka zitatu adachira atangokhala naye pafupi. Phunziro la mafupa adaligona lonse, mutu uli pabuku, moti adadzuka chithunzi cha nthiti chitadindika patsaya.

Mwini bwalo weniweni, ngakhale dzina lake silinali pachikwangwani, anali mkulu wina wotchetcha kapinga ndi kujambula mizere. Onse ankangoti a Laimu, chifukwa zaka makumi atatu zothira laimu zidawayeretsa mapazi mpaka m'mawondo, moti akavula nsapato ankaoneka ngati avalabe masokosi. Sukulu sadapite nayo patali. Poyeza bwalo ankadalira chingwe chawo cha mfundo, masitepe awo, ndi manambala amene ankanong'ona okha. Masekondi ankawapatsa moni mwaulemu, koma mumtima ankawaona ngati chinthu choyenera kusungidwa m'nyumba ya zakale. Iwonso ankamutchula kuti "aphunzitsi", mokoka mawu pang'ono.

Ndiye panali mtsikana wina wogwira ntchito kophikira buledi. Ntchito yake inali yogawa buledi m'masitolo m'mawa, wapansi, kireti pamutu, ndipo ankayenda mothamanga kuti buledi afike akadali wotentha. Akamaliza ankabwera kubwalo kudzathamanga zenizeni, mamita 800, kutanthauza kuzungulira bwalo kawiri. Anthu ankamutchula kuti Wabuledi. Analibe mphunzitsi, ndiye Masekondi adadzipereka. Adamulembera ndondomeko yochokera m'mabuku a chaka chachitatu, ya mizeremizere ndi inki zamitundu inayi, ndipo m'mawa uliwonse ankaima pamzere ndi wotchi ija. Wotchiyo inkangonena chimodzimodzi: mphindi ziwiri ndi masekondi 18. Chonsecho bungwe la othamanga linkaitanira ku kampu ya dziko okhawo otsika pansi pa mphindi ziwiri ndi masekondi 10. Miyezi isanu ya inki siidasunthe kanthu.

Mvula ili pakati, a Manijala a kalabu, munthu wokonda maikolofoni kuposa chakudya, adalamula kuti bwalo lonse ligaulidwe n'kubzalidwa kapinga watsopano. Mizere yakale idapita ndi khasu. Kapinga atamera, adalengeza mpikisano waukulu wotsegulira bwalo, ndipo adagwirizana ndi bungwe kuti zotsatira za tsikulo zidzawerengedwe. Adaitana Masekondi mu ofesi.

"Iwe wa digiri, njira yothamangira uyeza ndiwe, mwasayansi. Zikayenda bwino, kalata yako ndidzailemba moti aphunzitsi ako adzalira poiwerenga."

Lachinayi m'mawa Masekondi adafika ndi pepala la masamu, pensulo kukhutu, n'kutulutsa m'kanyumba ka zida tepi yaikulu yoyezera, ija yokulunga ndi chogwirira. Njira yothamangira si yovuta kuimvetsa. Ili ndi mbali ziwiri zowongoka ndi makona awiri ozungulira ngati theka la mbale, zonse pamodzi mamita 400. Pa mbali zowongoka umayala tepi pansi. Pa makona umakhoma chikhomo, wina n'kugwira nsonga ya tepi pachikhomopo, iwe n'kumazungulira nayo ukuika zizindikiro. Wogwira nsonga anali a Laimu. Anyamata a mpira anali pabenchi akumanga nsapato.

A Laimu adaitembenuza nsongayo m'manja. "Aphunzitsi, tepi iyi ili ndi khalidwe lake. Imafuna kuiwonjezerako."

"Madala, sayansi siwonjezera. Imawerenga chimene chalembedwa."

"Ayi, ndimati kunsonga kuno..."

"Madala, chonde. Ine 10 koloko ndili ndi mayeso. Inu ingogwirani, zowerenga mundisiyire. Za chingwe cha mfundo zija zinatha ndi nthawi ya makolo."

Anyamata a mpira adaseka mpaka wina adagwa pabenchi. A Laimu adamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali ndithu, kenaka adagwada n'kukanikiza nsonga ya tepi pachikhomo. Pofika Lachisanu madzulo mizere inali mbee, yosalala ngati yojambula ndi lula, yokongola moti mbalame zinkaopa kuterapo.

Loweruka kudadza chinamtindi cha anthu. Kudabweranso mphunzitsi wake wa ku yunivesite, mayi Dokotala, amene ophunzira ankawaopa kuposa mayeso enieniwo. Adayendera mizere manja ali kumbuyo.

"Wayeza wekha?"

"Ndekha, madamu."

Iwo adagwedeza mutu kamodzi, adalemba kanthu m'kabuku, n'kunyamuka kukayendera ophunzira ena mipikisano isadayambe.

Ndiye zodabwitsa zidayamba. Mwana wa sekondale amene ankakhala wachisanu pa mpikisano uliwonse adaphwanya mbiri ya kalabu ya zaka khumi. Amene adafika pambuyo pake adaiphwanyanso, ngakhale adaima panjira kukoka kabudula. Pa mpikisano wa akuluakulu, mlonda wa pageti, bambo wa mimba yofika pamalo mwini wake asadafike, adazungulira bwalo n'kupeza nthawi yoti akadakhala mnyamata akadakwera nayo ndege. Mayi wina amene adangodutsa pabwalo pothamangitsa mwana wake adatsala pang'ono kuvekedwa mendulo. A Manijala adakuwa pa maikolofoni mpaka mawu adasasa: "Ndi kapinga ameneyu, abale! Kapinga wamakono! Ndi sayansi!"

Wabuledi adathamanga monga mwa masiku onse, khosi lili chilili ngati pamutu pali kireti. Atadutsa mzere, Masekondi adadina batani, adayang'ana, adapukuta galasi la wotchi ndi malaya, adayang'ananso. Mphindi ziwiri ndi masekondi 7. Mawotchi ena awiri a oyeza anzake adavomereza. Mtsikanayo adagwada pakapinga n'kulira mokweza, kenaka adadzuka, adamunyamula Masekondi m'chiuno ngati thumba la ufa n'kuzungulira naye pamaso pa anthu onse.

"A kochi, inki zanu zija zagwira ntchito! Lolemba ndikukawauza abwana kuti buledi wawo apeze wina womusenza. Ananena kale kuti wopita kukampu apitiretu, malo sasunga. Ine ndipitiretu!"

Masekondi, ali m'malere, miyendo ili lendelende, adaliona tsogolo lake lonse litayalidwa pansi: ndege, majekete a dzina kumsana, mabuku a chaka chachitatu okhala ndi chithunzi chake. A Manijala adati fomu ya zotsatira ipita kubungwe Lolemba masana, itasainidwa ndi woyeza bwalo, ndipo kalata yake idzasainidwa nthawi yomweyo. Munthu mmodzi yekha sadaombe m'manja. A Laimu anali kuseri kwa mabafa, akutsuka ndowa yotsuka kale.

Lamulungu m'mawa Masekondi adapita kukalongedza zida. Tepi ija inali ndi matope, ndiye monga mwana woleredwa bwino adaitambasula yonse kuti aipukute ndi kansanza. Adayambira pa 50 akuimba kanyimbo, adafika pa 20, pa 10, pa 5, pa 4. Atafika pa 3, tepi idatha. Mphete yachitsulo ya kunsonga inali yomangiriridwa pomwepo ndi kawaya, mwaluso ndithu, pa nambala 3 yeniyeni. Nambala 2 kunalibe. Nambala 1 kunalibe.

Adakhala pansi pa thumba la laimu. Mutu uja udagona pa phunziro la mafupa tsopano udadzuka, n'kuyamba kuwerengera wokha osautuma. Paliponse pamene adayala tepi padasowa mamita atatu. Mbali yowongoka iliyonse adayala kawiri, ndiye mamita 12 adapita pamenepo. Pa makona, tepi ikafupika ndi atatu, kuzungulirako kumataya pafupifupi 19. Zonse pamodzi 31. Wabuledi adazungulira kawiri. Mtsikana uja adagwada n'kulira ndi chimwemwe kutatsala mamita 62 kuti amalize.

Masekondi adawapeza a Laimu kuseri akunola chikwakwa. Adangowaonetsa nsonga ya tepi.

"Anadya ndi makina otchetchera, chaka chija kunagwa mpanda," adatero a Laimu osadzutsa mutu. "Ndinamanga ndine. Ndikamayeza ndimawonjezera atatu. Sindinauzepo munthu, poti woyeza pano ndinali ine ndekha."

"Nanga bwanji simunandiuze, madala?"

"Munati ndigwire. Ndinagwira."

Chikwakwa chidapitiriza kulira pamwala. Masekondi adalakalaka makina aja atabwera n'kumudya nayenso, kuyambira kumutu.

"Koma inenso ndachita zachibwana," adatero a Laimu. "Ndimati anthu akayamba kudabwa muzindikira nokha, mubwera kudzandifunsa. Za mwana wa buledi uja sindinaziganize. Dzulo chakudya sichinalowe." Adayesa chikwakwa ndi chala. "Komatu laimu sakhalitsa, aphunzitsi. Milungu iwiri yokha mizere ifufutika, ine ndijambula ina yoona. Pakamwa panga mwaona kale kuti pamatsekeka."

Kunyumba adapeza nkhani itamutsogolera. Amayi anali pafoni, ndipo foni iliyonse inkawonjezera kena. Kwa azakhali adati mwana wawo wathamangitsa mtsikana ngati mphepo. Kwa anzawo a kutchalitchi adati akumufuna kunja. Pofika masana anali ataphunzitsa nkhalamba ya ndodo kudumpha mpanda. Nsalu ya diresi la tsiku la digiri inali kale kwa telala. Pachakudya adamuikira nthuli yaikulu ija ya abambo, abambo n'kuvomereza ndi mutu. Iye adaiyang'ana nyamayo, nayonso idamuyang'ana.

Adathawira kuchimbudzi n'kukhala komweko akukambirana ndi khoma. Akangokhala chete, kalata ndi yake, mkanjo ndi wake, diresi la amayi livalidwa. Wabuledi akasiya ntchito, akafika kukampu, akamuyeza pabwalo loona, wotchi ikanena 18 yake ija, ndipo akamubweza sabata yomweyo, anthu akumuloza kuti ndi uja anabera. Ntchito ya buledi akapeza ili ndi mwini wake wina. Koma zimenezo zikachitikira kutali, iye digiri ili m'manja. Adadzimva akuganiza zimenezi, ndipo adachita manyazi ngakhale ndi khoma lomwe. Potuluka adapeza mlongo wake ataima pakhomo, foni m'manja.

"Mphindi 43, achimwene. Mwaphwanya mbiri inanso."

Lolemba kutangocha anali kale kuseri kwa nyumba yophikira buledi, pamene mauvuni amatulutsira mpweya wotentha ndipo makireti amasanjidwa mpaka kudenga. Wabuledi adatuluka atavala epuloni, nkhope ikuwala.

"A kochi! Mwabwera kudzandiperekeza kwa abwana? Amafika 8 koloko. Mawu ndakonza kale, ndawayeserera pa amayi, pa mphaka, ngakhale pa mtondo."

Masekondi adayamba ndi mbiri ya matepi oyezera. Adafotokoza za makona, za chikhomo, za theka la mbale, mpaka adanjuta n'kuyamba kujambula ndi chala pa ufa wotayikira pansi.

"A kochi, buledi akuzizira. Nenani zoti munthu amve."

"Bwalo linali lalifupi."

"Lalifupi bwanji?"

"Unathamanga mamita 738, osati 800. Ndinalakwitsa kuyeza ndine."

Mtsikanayo adaima duu, manja ali m'thumba la epuloni.

"Ndiye kuti miyendo yanga ndi yomwe ija?"

"Yomwe ija."

"Ine ndinalira pamaso pa anthu, mamina ali chuchuchu. Ndinakunyamulani ngati mwana. Amayi anga avina dzulo mpaka bondo latupa, panopa akulithowa ndi madzi otentha. Ndiye mukundiuza kuti ndinalirira pakati panjira?"

Masekondi adayang'ana pansi. Kwa nthawi yoyamba mapazi ake adamuthandiza, poti anali aakulu mokwanira kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Akudziwa ndani?"

"Ine ndi a Laimu."

"Nanga mukanangokhala chete?"

"Bwenzi 8 koloko utasiya ntchito."

Wabuledi adapuma mwamphamvu kawiri, adapukuta m'maso ndi mkono. Kenaka adatenga kireti yodzaza n'kumusenzetsa pamutu, adasanjikizanso ina pamwamba.

"Mwandichedwetsa. Tiyeni. Ndipo muthamange."

Pa sitolo yoyamba mayi wogulitsa adatuluka akululutira. "Ngwazi yathu! Ndiye ndege ukwera liti, mwana wanga?" Wabuledi adangoloza kumbuyo ndi chala chachikulu: "Funsani awa." Masekondi, khosi litalowa m'mapewa chifukwa cha makireti, adafotokoza kwa mphindi zisanu, makona ndi chikhomo chomwe, mpaka mayiyo adameza nthungululu yake n'kuyamba kuwerenga buledi mwakachetechete. Pa sitolo yachiwiri zidachitika chimodzimodzi. Pa yachitatu makona adawasiya. Pa yachisanu bambo wina wogula shuga adafunsa mwaulemu kuti, "Pepani achimwene, sukulu yakeyo ndi iti, kuti mwana wanga asadzapiteko?" Pa yachisanu ndi chimodzi mwini sitolo anali wovutika kumva, ndiye adamubwerezetsa katatu mokweza, mpaka anthu onse odikira minibasi pasiteji adamva, ndipo kondakitala wina adafuula kuti akufuna tepi yomweyo kuti ayezere ulendo wa kutauni.

Wabuledi ankathamanga patsogolo osacheuka. Iye ankatsatira kumbuyo akupuma ngati pampu ya njinga. Pofika pa sitolo ya khumi ndi imodzi, sayansi yonse inali itayoyoka m'njira, kutangotsala chiganizo chimodzi: "Ndinanyoza mkulu wodziwa ntchito, ndinayeza bwalo ndi tepi yoduka, zotsatira zonse za Loweruka ndi zabodza."

Ndi mawu omwewo, ufa uli mbuu m'tsitsi, adalowa mu ofesi ya a Manijala. Patebulo panali fomu ya bungwe, pambali pake kalata yake, masamba awiri otayipa, cholembera chili pamwamba. Adawerenga mozondoka mawu akuti "mnyamata wa luso losowa". Kenaka adanena chiganizo chake chija.

A Manijala adatseka chitseko. Adatsekanso windo.

"Iwe, ine ndayankhula kale pa wailesi. Ndauza dziko lonse za kapinga. Akudziwa ndani?"

"Masitolo khumi ndi imodzi, bwana. Ndi a pasiteji ya minibasi."

A Manijala adakhala pansi pang'onopang'ono ngati mpira wobooka. Adatenga kalata ija, adaipinda kanayi, n'kuilowetsa pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera. Adayesa tebulo, adaona kuti lakhazikika. Pa kapepala kena adalemba ndi dzanja mzere umodzi: "Mnyamatayu amachapa bwino majezi." Adasaina, adadinda chidindo. Ntchito sadamuchotse, chifukwa panalibe wina pansi pa thambo amene akadavomera masokosi a timu ija.

Mayi Dokotala adakawerenga kapepalako kawiri, adamva nkhani yonse osamudula, kenaka adavula magalasi.

"Waulula wekha, ndamva. Koma kuno sitipereka digiri ya kuulula. Chaka cha ganyu ubwereza, pamodzi ndi phunziro la kayezedwe ka mabwalo."

Tsiku limene anzake ankavala mikanjo, iye anali pakalabu akupopa mipira, ndipo adaipopa mwaukali moti iwiri idaphulika. Diresi la amayi lidabwera kuchokera kwa telala n'kulowa m'sutikesi. Kutchalitchi amayi ankangoti, "Akuwonjezera maphunziro," n'kusintha nkhani msangamsanga.

Kwa a Laimu adakapepesa pamaso pa benchi lomwe lija, anyamata a mpira ali pomwepo akumanga nsapato, ndipo sadaseke ngakhale mmodzi, zimene zidamupweteka kuposa kuseka. Adayezanso bwalo awiriwiri, ndi tepi yatsopano, n'kutsimikiza ndi chingwe cha mfundo. Chingwe ndi tepi zidasiyana ndi kutalika kwa chala chimodzi. Wabuledi adakhala milungu itatu osaponda pakalabu. Tsiku lina adangotulukira, adavula epuloni, adati, "Dinani kanthu kanuko," n'kuthamanga. Wotchi idati mphindi ziwiri ndi masekondi 15.

"Ndachotsapo atatu okha?" adafunsa Wabuledi.

"Atatu, koma enieni."

"Mwayeza ndi chiyani?"

"Funsa a Laimu."

Wabuledi adakafunsadi, Masekondi ali pomwepo. Mpaka lero amasenza buledi m'mawa n'kubwera kubwalo, ndipo zotsatira zake salola kuti zilembedwe a Laimu asadagwedeze mutu.

Chaka chotsatira Masekondi adakhala kumbuyo kwenikweni kwa kalasi, pakati pa ana amene ankamupatsa moni wa akulu poganiza kuti ndi wokonza magetsi. Palibe ankamudziwa, ndipo iye adakonza zoti zikhale choncho mpaka chaka chithe. Phunziro loyamba la kayezedwe ka mabwalo, mayi Dokotala adalowa, adaika mabuku patebulo.

"Tisanayambe, ndikuuzeni za wophunzira wina. Dzina sinditchula."

Adaifotokoza yonse, tepi, mkulu wonyozedwa, mlonda wa mimba uja. Kalasi idaseka mpaka ena adagona pamadesiki. Mnyamata wokhala naye pafupi adamugunda ndi chigongono, misozi ili m'maso. "Akulu, chitsiru chimenecho chinamaliza sukulu koma?" Masekondi adatsetsereka pampando mpaka chibwano chidagunda desiki.

"Mapeto ake," adatero mayi Dokotala, "bwalo lonse linafupika ndi mamita 30."

Masekondi adamva dzanja lake lamanja likuyamba kunyamuka. Adaligwira ndi lamanzere. Adalikhalira. Adaliuza mumtima kuti mita imodzi siipha munthu, kuti atsala ndi miyezi isanu ndi inayi yokha, kuti amayi avutika mokwanira. Dzanjalo lidasolola lokha n'kuima m'mwamba.

"Ndi 31, madamu."

Mitu makumi asanu ndi limodzi idatembenuka nthawi imodzi. Mnyamata wa chigongono uja adasuntha mpando wake pang'ono.

Mayi Dokotala adamuyang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka adatambasula dzanja lokhala ndi choko.

"Zikomo. Bwera kuno uwaonetse anzako mmene unaipezera."

Adanyamuka makutu akutentha, adadutsa mizere yonse ya madesiki, adalandira choko, n'kuyamba kujambula chikhomo pabolodi.